A Nangondo Agonera Ulemu

Kuseri kwa mapiri ena, m'mudzi umene sitiutchula dzina poopa kuti eni ake angamve kukoma, munali mwambo umene anthu ankausunga mosamala kuposa mbewu ya chimanga: munthu wamoyo satamandidwa. Sikuti anali anthu oipa mtima, ayi. Ankangodziwa kuti wamoyo ukamutama amatupa mutu, ndipo akatupa mutu amakweza mtengo wa zinthu zake. Choncho mawu onse okoma ankawasungira tsiku la maliro, pamene mwini wake sangathenso kukweza kanthu.

Tsiku limenelo likafika, abale, pakamwa pawo pankachucha uchi. Chidakwa chogona m'ngalande chinkasanduka "bambo wokonda kucheza ndi anthu". Wakuba nkhuku ankakhala "munthu wosasiyanitsa chake ndi cha mnzake". Mayi wamiseche ankamulira kuti anali wosabisa mawu. Ana ankakula akudziwa kuti anthu abwino onse a m'mudzimo ali kumanda, ndipo otsalawo akungodikira nthawi yawo yokhala abwino.

M'mudzi umenewu munkakhala a Nangondo, mayi woumba mbiya. Panalibe khomo lopanda chiwiya chawo. Nyemba za mudzi wonse zinkapsera m'miphika yawo, thobwa la maukwati onse linkawirira m'mbiya zawo, ndipo khanda lililonse lobadwira kumeneko linkasamba madzi ofunditsidwa mu nkhali ya a Nangondo. Mtsuko wawo unkasunga madzi ozizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo ukaugogoda ndi chala unkalira kuti ngwee, mawu ake n'kumapitirira pang'ono ngati sakufuna kutha.

Koma musaganize kuti a Nangondo anali mayi wofatsa wodikira mphotho yake kumwamba. Ankadziwa kuti ndi katswiri, ndipo popeza panalibe wonena, ankanena okha, pachitsime, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi nyimbo ikangotha. Tsono kudzitama kuli ngati kudzikanda pamsana: dzanja limayenda ndithu, koma pamene pakuyabwa kwenikweni silifikapo. Njala yawo inali imodzi basi. Ankafuna, asanafe, amve ndi makutu awo munthu wina ataimirira pagulu n'kunena kuti mayi uyu amatha.

Ankayesa kuwedza. "Mwauona bwanji mtsuko uja, a Nasoko?" ankafunsa motero mnansi wawo, mayi amene anamwa madzi a m'mitsuko yawo kuyambira ali mtsikana.

"Ulipo," ankayankha a Nasoko.

"Madzi akuzizira?"

"Nanga madzi ntchito yake n'chiyani?"

Kunyumba nakonso kunalibe thandizo. Amuna awo, a Lufeyo, ankangoti, "Ndinakukwatirani, ndipo sindinachoke. Mukufunanso ndikuimbireni nyimbo?"

Chaka china kunabwera uthenga wochokera kuboma. Mudzi uliwonse unalamulidwa kusankha mmisiri wake wa ntchito zamanja n'kumuchitira mwambo womulemekeza adakali moyo. Kusankhako sikunavute, chifukwa wosema mitondo anali atathawira kutauni ndipo woluka malichero maso anali atatha. Mawu amene anagwetsa anthu mphwayi anali omalizawo: adakali moyo. Akuluakulu anapukusa mitu. Boma limeneli, anatero, tsiku lina lidzatiuza kuti tidye ndiwo zisanapse.

Komabe lamulo ndi lamulo. Panakhazikitsidwa Komiti Yaikulu Yoona za Ulemu, Chikhalidwe ndi Kukhazika Alendo Pamipando. Mtsogoleri wake anali bambo Gwedeza, amene anali Wapampando Wamkulu, Mlangizi wa Wapampando, komanso Wogwirizira Mpando Wapampando Akachokapo. Anawasankha chifukwa ndi amene ankanena mbiri ya malemu pa maliro onse, ndipo ankadziwika kuti akatsegula pakamwa ngakhale agalu amagwetsa misozi.

Komiti inaganiza zoyamba yayeserera. Inasonkhana pabwalo la a Nangondo, pansi pa mtengo wa mango. Mayiwo anavala chitenje chawo chosungira ukwati, anadzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira, n'kukhala pampando manja ali pamaondo, makutu ali tcheru.

Bambo Gwedeza anaimirira, anakonza kolala, anatsokomola. "Mayi amene ali patsogolo pathuwa," anayamba motero. Anawayang'ana. A Nangondo anaphethira. "Mayi awa... mayi amenewa..." Thukuta linayamba kutsika. "Mayi awa ali ndi mbuzi zopanda mwambo zimene zinandidyera chinangwa chaka chatha."

"Bambo Wapampando!"

"Pepani, zangotuluka. Tayesani inu a Nasoko."

A Nasoko anaimirira, anamanganso chitenje. "A Nangondo amaumba," anatero. Anafunafuna mawu ena m'kamwa ngati munthu wofuna munga wa nsomba. "Amaumba, inde, tonse timaona. Koma pakamwa, abale, pakamwa!"

Anayesa wina, anayesa wina. Aliyense ankayamba bwino ngati njinga pamtsetse, kenako n'kukathera mu ngalande ya zolakwa za a Nangondo. Bambo Gwedeza anati vuto ndi maso, mayiwa akutiyang'ana. Anawatembenuza kuti ayang'ane kukhoma. Sizinathandize, chifukwa makutu ankaonekabe kuti akumva.

Dzuwa litakwera, msana wa a Nangondo unayamba kuwawa, paja msana wa woumba mbiya unathera kosenza mtapo, dothi loumbira lija. Anasiya mpando mokwiya, anayala mphasa pakhonde, anagona chagada, n'kudzifunditsa chitenje mpaka kumutu chifukwa cha ntchentche.

A Nasoko anacheuka. Anaona munthu ali tambalala pamphasa, nsalu itaphimba nkhope, zala za kumapazi zitaloza kumwamba. Chinachake chinaphulika pachifuwa pawo.

"Mayo ine, mayo!" anakuwa. "Adzatiumbira ndani ife! Madzi ozizira aja tidzawamwera kuti! Manja agolide apita, mayo!"

Bambo Gwedeza anavula chipewa osadziwa kuti avula. "Anthuni," anatero, "lero mtengo waukulu wagwa. Mayi uyu akagwira dothi, dothi linkamvera ngati mwana."

Pansi pa chitenje, a Nangondo mtima unadumpha. Anasuzumira ndi diso limodzi kuti aone ngati ndi anthu omwewo. Mawu onse anaduka ngati mpopi wotsekedwa.

"Mwaonatu, ngakhale kugona sakhazikika," anatero a Nasoko akupukuta misozi.

A Nangondo anabwezera nsalu kumaso. Mpopi unatsegukanso.

Nkhani inathera pomwepo. Komiti inagwirizana kuti mwambo wolemekeza mmisiri wamoyo uchitika monga boma lalamulira, kungoti mmisiriyo adzaulandira atagona.

"Ndigona," anatero a Nangondo, "koma ndimve zonse. Wina asanene zabwino ali kutali."

"Mudzamva mpaka makutu kukhuta, mayi," analonjeza bambo Gwedeza.

A Nangondo anasekerera mpaka usinini kuonekera. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi sufika m'khutu la munthu amene walonjezedwa kutamandidwa.

Tsiku la mwambo, m'mamawa, komiti inaika masamba pamsewu, ati kuti alendo asasochere. Tsono masamba akagona pamsewu, zinthu zina zonse zimadziyendera zokha. Apanjinga anayamba kutsika n'kumakankha njinga zawo mwaulemu. Amayi anatulukira ndi nkhuni pamutu ndi timbale ta ufa m'manja. Amuna anakhala pansi pa mango akunong'onezana za mitengo ya fodya. Kwaya inabwera yosaitanidwa. Ndipo adzukulu, anthu okumba manda aja, anangoona masambawo n'kunyamula makasu awo.

Bambo Gwedeza anatuma munthu kukawauza kuti mayiwo ali moyo. Mkulu wa adzukulu, a Jailosi, anayankha ali kale m'dzenje lofika m'maondo. "Zoti munthu akupuma kapena sakupuma n'za achipatala. Ife timayendera masamba. Mukawauze kuti adzukulu sakumba ndi njala."

A Nangondo anali atagona kale pabalaza, atazunguliridwa ndi amayi. Chitenje chinkatentha, mphuno inkayabwa, koma zimene zinkalowa m'makutu zinali zokoma kuposa tiyi wa mkaka. Mayi wina analira kuti mphika umene anagula ali ndi pakati pa mwana wake woyamba ndi umene akuphikira zidzukulu. Wina anati apongozi ake anayamba kumukonda chifukwa cha nyemba za mu mphika wa malemuwa. A Nangondo ankameza mawu aliwonse, n'kumasunga m'mutu amene sanalire mokwanira.

Kenako kuseri kwa nyumba kunamveka kulira kwa mbuzi, kulira kwake kothera pakati.

"A Lufeyo," ananong'ona pansi pa nsalu, "a Lufeyo! Mbuzi iti imeneyo?"

Amuna awo anasuzumira pakhomo. "Yamawanga ija."

"Ya bere ija?"

"Adzukulu anasankha okha. Gonani, akazi anga, anthu akuona."

A Nangondo anatsala pang'ono kudzuka. Koma nthawi yomweyo a Nasoko anayambitsa chiliro chatsopano, chonena za khosi la mitsuko yawo, mmene linkakhalira losalala ngati la namwali, ndipo mayiwo anaganiza kuti mbuzi n'zobereka, koma mawu otere sabwera kawiri. A Lufeyo anabwerera pakhonde, pamene anakhala atazolika, akulandira manja a chipepeso ndi makapu a tiyi, nkhope yawo ikuoneka yopumula kuposa masiku onse a banja lawo.

Itafika nthawi yoona nkhope, anawavundukula kumutu n'kuwauza kuti atsinzine. Anthu anandanda.

"Taonani, ngati angogona," anatero mayi wina.

"Ndangogonadi," anayankha a Nangondo ndi kumbali kwa mlomo.

"Khalani chete inu, mukuwononga mwambo."

Dzuwa lili pamutu kunamveka kulira kwa magalimoto. Anafika Olemekezeka, Mwini Chitukuko wa dera lonselo, munthu amene mudziwo unkamuona pa maliro pokha. Mukamuitanira mlatho woduka ankakhala ali kumsonkhano, mukamuitanira mjigo wowonongeka ankakhala ali kunja, koma fungo la maliro ankalimva ali kulikulu. Ankadziwa bwino lomwe kuti mayiwa ali moyo, komiti inali itamuuza. Kungoti ofesi yake inali ndi mphatso yaikulu imodzi yokha ya anthu akumudzi, ndipo inali nazo zambiri m'nyumba yosungiramo katundu. Anyamata ake anatsitsa pa lole bokosi lonyezimira, la zogwirira zonga golide.

Bambo Gwedeza anagwada pafupi ndi khutu la a Nangondo. "Mayi, mwayi wanu ndi wosowa. Olemekezeka akubweretserani bokosi."

"Bokosi? Ine?"

"Musakweze mawu. Kamera yawo siigwirizana ndi mphasa. Ndipo dziwani kuti zimene mwamvazi n'zolawitsa chabe. Mbiri yeniyeni sindinainene."

A Nangondo analingalira. Walira mvula walira matope. Anadikira kuti anthu ayang'ane kumbali mwaulemu, anadzuka, anakwinya chitenje n'kulowa okha m'bokosimo. M'kati munali nsalu yoyera yofewa ndi kamtsamiro. Msana wawo, umene unadziwa mphasa yokha chibadwire, unapuma mpaka anachita manyazi. Anthu anaika chivundikiro, n'kuchitchinjiriza ndi chitsononkho kuti mpweya uzilowa, ndiponso mawu.

Anawatulutsa pabwalo. Bambo Gwedeza anaimirira, ndipo tsiku limenelo anadziposa okha. Ananena za mtsikana amene ankalawirira kudambo kukakumba mtapo anzake akadali m'tulo. Ananena mmene ankaupondera, akutola timiyala ndi zala kuti mphika usadzaphulike pamoto. Ananena mmene ankazungulira mbiya chafutambuyo, dzanja lina m'kati lina kunja, mpaka dothi litakwera lokha kufika m'chiuno. Ananena za mwala wake wokulungizira, umene unatha mbali imodzi chifukwa cha ntchito. A Nangondo anadabwa. Kani anthuwa ankaona zonsezi? Zaka zonsezi ankaona, n'kumangomeza? Misozi inatsikira m'makutu, ndipo anaipukuta msanga kuti isatseke njira.

"Zotsalazo," anamaliza bambo Gwedeza, "pamodzi ndi mawu a Olemekezeka, tikazimvera kumanda poika nkhata."

Bokosi linanyamuka. A Nangondo anagogoda chivundikiro. "Bambo Wapampando, kumanda kukatani?"

"Nkhata saika pakhonde, mayi. Kapena tilekere pomwepa? Olemekezeka akonza mawu ambiri, ena a Chingerezi."

A Nangondo anali asanatamandidwepo m'Chingerezi. Anagonanso.

Ulendo wa m'bokosi ndi wokoma ngati onyamula ali ofanana msinkhu, koma awa sanali. Kwaya inkaimba, fumbi linkalowera pa mpata wa chitsononkho, mutu unkagunda thabwa. Atafika, anawatsitsa pambali pa dzenje, ndipo fungo la dothi lofukulidwa kumene linawalowa m'mphuno. Mwa chizolowezi analinunkhiza n'kuona kuti ndi lamchenga, losaumbika.

Ali m'kati modikira mawu a Chingerezi aja, anamva kanthu kena. Munthu anagogoda chinthu ndi chala, ndipo chinthucho chinayankha kuti ngwee, mawu ozama, otalika. Anawazindikira nthawi yomweyo. Mayi amadziwa kulira kwa mwana wake ngakhale pamsika. Umenewo unali mtsuko wawo waukulu wa kuchipinda, umene anauumba chaka chimene maso anali akuthwa ndi manja asanayambe kunjenjemera, umene anakana kuugulitsa kwa aliyense chifukwa ankadziwa kuti wina wotere sadzautulutsanso. Amayi anali ataunyamula potsatira mwambo wakale wa m'mudzimo, woti chiwiya chokondedwa cha malemu chimakhala pamanda pake.

"Bweretsani msomali ndi mwala," anamveka a Jailosi. "Tiuboole kunsi, akuba angautenge."

Chivundikiro chinauluka. A Nangondo anatuluka m'bokosi ngati nkhuku yothawa m'dengu, mpango uli pakhosi, analumpha mulu wa dothi n'kulanda mtsukowo m'manja mwa a Jailosi. Anaukumbatira, akupuma mwawefuwefu.

"Amene aboole mtsuko uwu ayambe waboola ine!"

Palibe anathawa, paja aliyense ankadziwa kuti mayiwa ali moyo. Anthu anangokhumudwa. Kwaya inaleka nyimbo pakati pa ndime. A Lufeyo anapumira m'mwamba n'kubweza mpango wopukutira misozi umene mayi wina wamasiye anali atawabwereka.

"Manyazi ake!" anatero a Nasoko, misozi isanaume n'komwe. "Alendo achoka kutali, mbuzi yafa, ife mawu atha n'kulira, mwini wake n'kudzuka ngati palibe chachitika. Ndinkanena ine, mayi ameneyu sayamika."

"Ndiponso mbuzi zake zija," anayamba bambo Gwedeza, koma anadziletsa.

Olemekezeka anali ataima ndi nkhata yaikulu m'manja, wojambula wake atagwada kale pamalo abwino. "Bambo Wapampando," anatero mozizira, "nkhata iyi ndiike pa chiyani?"

Asanayankhe, a Jailosi anakhomeka khasu lawo pansi. "Nkhata n'zanu. Ine ndikunena za dzenje. Dzenje lokumbidwa siligona ndi njala. Mukalisiya chonchi, limadzisankhira lokha munthu m'mudzi."

Anthu onse anabwerera m'mbuyo pang'ono, aliyense akuyesa kuima kuseri kwa mnzake. Mkulu wina anakumbutsa kuti makolo, zikatere, ankaikamo thunthu la nthochi.

"Nthochi?" anatero Olemekezeka. "Ndawotcha mafuta kuchokera kulikulu kudzaika nkhata pa nthochi? Anthu akaona chithunzicho adzati chiyani?"

Maso onse anatembenukira kwa a Nangondo, kenako kubokosi, kenako kwa a Nangondo. Mayiwo anafinya mtsuko wawo.

Apa ndi pamene bambo Gwedeza anaonetsa chifukwa chimene anali ndi maudindo atatu. Anakweza dzanja. "Anthuni, tisasokonezeke. Boma linati tilemekeze luso. Lusolo ndi ilo lili m'manja mwa mayiwa. Mtsuko suphethira, sutiyang'ana, ulibe mbuzi. Ulowe m'bokosi wathunthu, wosaboola, ulandire ulemu wonse."

Anthu anaomba m'manja. Olemekezeka anagwedeza mutu n'kunena kuti maganizo otere ndi amene amatukula dziko.

"Muyambe mwapha ine," anatero a Nangondo.

"Mwayi umenewo tinakupatsani, mayi, mwaukana nokha," anatero a Jailosi.

Bambo Gwedeza sanalimbane nawo. Anangovula chipewa, anaweramitsa mutu, n'kuyang'ana mtsukowo, osati munthu wouyangata. "Iwe mtsuko," anayamba, "iwe amene unabadwa m'manja odala. Tayang'anani mimba yake, anthuni, yozungulira ngati mwezi. Tayang'anani mizere ya pakhosi, yolembedwa ndi munthu amene sanafune rula. Ndani m'dziko muno akanatha kuumba chotere? Ndani?"

"Palibe!" linayankha khamu.

"Amene anakuumba iwe anali katswiri wa akatswiri!"

"Anali katswiri, mayo!" analira a Nasoko, akudzigwetsa pansi.

A Nangondo anaima chilili, dzuwa likuwawomba pankhope, maso ali otsegula, opanda nsalu kumutu. Mawu aja anali kunenedwa pagulu, masana, iwo ataimirira ndi miyendo yawo. Palibe amene ankawayang'ana, n'zoona, onse ankayang'ana pamimba pawo pamene panali mtsuko, koma mawuwo ankadutsa pafupi kwambiri moti ankawamva kutentha kwake. Anafuna amve ena. Bambo Gwedeza analekera pomwepo, akudikira. Khamu lonse linadikira. Zinali zoonekeratu kuti mawu otsalawo atuluka mtsuko ukagona.

Manja a a Nangondo anayamba kulefuka. Mdzukulu wina anatambasula dzanja kuti alandire.

"Choka apo! Ukugwira pakhosi ngati nkhuku? Mtsuko amagwira kunsi." Anamukankha, anagwada, n'kuugoneka okha m'bokosi, mutu wake pa kamtsamiro kaja. Anaukonza kuti usagubuduke. Anavula mpango wawo n'kuutchinjiriza m'mbali.

Chitsononkho anachitaya, chivundikiro chinakhomedwa. Zingwe zinatsika, kwaya inapitiriza ndime imene inaisiya. Olemekezeka analankhula nthawi yaitali, zina m'Chingerezi monga analonjezera bambo Gwedeza, ndipo anati mtundu umene sulemekeza amisiri ake ndi mtundu wakufa. Dothi linayamba kugwa pa bokosi. Olemekezeka anaika nkhata yake pang'onopang'ono kuti wojambula asaphonye.

"Manja amene anaumba mtsuko uwu," anamaliza motero, akupukuta diso louma, "sitidzawaonanso."

A Nangondo anayang'ana manja awo. Anali pomwepo, onse awiri, dothi lili m'zikhadabo.

"Mayi, tasunthani pang'ono," anatero wojambula, "mukutchinga."

Anasuntha.

Mwambo usanatsekedwe, Olemekezeka anafunsa kuti namfedwa wamkulu ndani, chifukwa sachoka pamaliro osapepesa. Komiti inakambirana mwachidule n'kupeza kuti wachibale wapafupi wa malemu ndi a Nangondo. Anawakankhira kutsogolo. Mnyamata wa Olemekezeka anathamangira ku lole n'kubwera ndi ndowa ya pulasitiki yobiriwira, yokhala ndi chivundikiro, nkhope ya bwana wake ikumwetulira pambali.

"Pepani ndi zovutazi, mayi," anatero Olemekezeka, akuwagwira dzanja koma akuyang'ana kamera. "Muzisungiramo madzi. Iyi siisweka."

A Nangondo anatsala ataima ndi ndowa m'manja. Sanaigwire nthawi yaitali. Amayi anawaunjirira, ana ali kumsana, aliyense akufuna kuikhudza. Wina anainyamula ndi chala chimodzi n'kukuwa kuti n'njopepuka. Wina anaigwetsa dala pansi, inadumpha, onse anaseka. A Nasoko anailanda, anaitembenuza uku ndi uku, anaigogoda. Inayankha kuti phu.

"Koma ndiye pali anthu aluso kunjaku!" anatero a Nasoko mokweza, mawu awo akumveka manda onse. "Bwana, amene anapanga ndowa iyi ali moyo?"

"Ali moyo ndithu, mayi, kutsidya kwa nyanja."

"Mukamuuze kuti amatha."